Kulondola jini ya RET m'minyewa ndi m'matumbo, kuyambira pa kompyuta mpaka mu labu

Mwana wakhanda akatha maola 48 asanatulutse chimbudzi chake choyamba, chija chakuda chomata ngati phula, mimba n'kuyamba kufufuma, masanzi n'kumatuluka obiriwira, dokotala wa ana amaganizira matenda a Hirschsprung. M'matendawa chigawo chomalizira cha thumbo chimakhala chopanda maselo a minyewa yotumiza mauthenga m'thupi (nerve cells). Thumbo lotere silimasuka, limangokhala lofinyika, ndiye chimbudzi chimaunjikana kumtunda kwake. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 5,000 amabadwa nawo, ndipo anyamata amachuluka kuposa atsikana pafupifupi kanayi. Jini yotchulidwa kwambiri pa matendawa ndi RET. Tiigwiritsa ntchito posonyeza mmene mungafufuzire zinthu ziwiri za jini iliyonse: kumene imagwira ntchito m'thupi, ndiponso mapuloteni amene puloteni yake imagwirana nawo.

Gwiritsitsani chinthu chimodzi kuyambira pano. M'thumbo RET sipezeka paliponse. Ili m'maselo a minyewa ochepa amene anakhala m'timagulu mkati mwa khoma la thumbo, ndipo ntchito yake yaikulu imachitika munthu akadali mluza wa masabata ochepa. Choncho nambala iliyonse imene mwaiona, kaya pa webusaiti kaya pa makina a mu labu, muziifunsa kuti yachokera ku selo liti, la munthu wa msinkhu wanji. Ophunzira ambiri amasokera pomwepa.

Yambani ndi dzina lenileni la jini

Musanatsegule china chilichonse, lembani manambala awa pa tsamba loyamba la kope lanu. Ku NCBI Gene, RET ya munthu ndi 5979. Ku Ensembl ndi ENSG00000165731. Puloteni yake ku UniProt ndi P07949. Ili pa kromozomu 10, pamalo otchedwa q11.2. Fufuzani ndi manambalawa osati ndi dzina lokha, chifukwa m'mapepala akale RET imatchedwanso HSCR1, MEN2A, CDHF12 ndi PTC, ndipo dzina lomalizali lagwiritsidwaponso ntchito pa jini ina yosiyana kotheratu, PTCH1. Onetsetsaninso kuti mwasankha Homo sapiens. Mukaona Ret ya chilembo chachikulu chimodzi, imeneyo ndi ya mbewa.

Ku UniProt werengani kaumbidwe ka puloteniyi mpaka muthe kuijambula osayang'ana. RET imapyoza khungu la selo. Kunja kwa selo ili ndi zigawo zinayi zofanana ndi cadherin, ndipo pakati pa chachiwiri ndi chachitatu pamakhala calcium. Kenako pali chigawo chodzaza ndi cysteine, chigawo chopyoza khungu, ndipo mkati mwa selo muli tyrosine kinase ndi mchira. Mchirawu ndi umene umasiyanitsa mitundu iwiri yofunika kwambiri: RET9 ya ma amino acid 1,072 ndi RET51 ya ma amino acid 1,114. Manambala 9 ndi 51 akuwerenga ma amino acid obwera pambuyo pa malo a 1063, pomwe mitundu iwiriyi imapatukana. Izi zidzakukhudzani pogula antibody, puloteni yogwira puloteni imene mukufuna kuona, chifukwa yopangidwira nsonga ya mchira imaona mtundu umodzi wokha.

Kumene RNA yake ikupezeka

Tsegulani GTEx Portal, webusaiti yoonetsa kuchuluka kwa RNA ya jini m'ziwalo za anthu, lembani RET, muone chithunzi cha ziwalo zonse. Muyeso wake ndi TPM, kutanthauza kuchuluka kwa RNA ya jiniyo pa tizidutswa ta RNA miliyoni imodzi. Sinthani chithunzicho chikhale pa log, apo ayi ziwalo za TPM yochepa zonse zidzaoneka ngati zagona pansi. Ku minyewa yang'anani substantia nigra, spinal cord, tibial nerve ndi adrenal gland. Ku njira ya chakudya yang'anani kummero, m'mimba, ileum ndi thumbo lalikulu.

Apa pakufunika kufatsa. Khoma la thumbo lili ndi maukonde awiri a minyewa. Wina, wa Auerbach, uli pakati pa minofu yozungulira ndi minofu ya m'litali, ndipo ndi umene umayendetsa chakudya. Wina, wa Meissner, uli pansi pa khungu la mkati. GTEx sinadule zidutswa zake mofanana. Cha sigmoid, chigawo cha kumunsi kwa thumbo lalikulu, anatenga minofu yokha, pamene cha transverse, chigawo chake chapakati, anatenga khoma lonse pamodzi ndi khungu la mkati. Kummero nakonso anasiyanitsa muscularis (minofu) ndi mucosa (khungu la mkati). Ndiye mukaona RET ikusiyana pakati pa sigmoid ndi transverse, musathamangire kulemba kuti zigawo ziwiri za thumbo zimasiyana. N'kutheka kuti chasiyana ndi mpeni basi. Khungu la mkati lili ndi maselo ankhaninkhani opanda RET amene amasungunula RNA ya maselo a minyewa ochepa aja, monga mmene supuni ya mchere imazimiririka mu ndowa ya madzi.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Fufuzani pa chithunzi chomwecho majini odziwika kuti ndi a maselo a minyewa, monga PHOX2B, ELAVL4 ndi UCHL1. Ngati akukwera ndi kutsika limodzi ndi RET, chimene mukuonacho ndi kuchuluka kwa minyewa m'chidutswacho, osati kusintha kwa jini.

Kenako pitani ku Human Protein Atlas ya ku Sweden. Kumeneko muyeso ndi nTPM, ndipo musausakanize ndi TPM ya GTEx m'tebulo limodzi. Pali zithunzi za minofu yopakidwa utoto ndi antibody. Musanakhulupirire chithunzi, onani chiweruzo chimene apereka pa antibody imeneyo: Enhanced, Supported, Approved kapena Uncertain. Chithunzi cha Uncertain sichoyenera kumangirapo mfundo. Kumbukiraninso kuti tizidutswa ta pa zithunzizi ndi tozungulira pafupifupi milimita imodzi, ndipo tambiri ta m'thumbo ndi ta khungu la mkati lokha, topanda kagulu ka minyewa ngakhale kamodzi. Mawu akuti Not detected pa kachidutswa kotere sakukuuzani kanthu za RET. Zithunzizi zimadya bandulo kwambiri, choncho ngati intaneti ndi yogula koperani matebulo a TSV kamodzi muzigwira ntchito pa kompyuta yanu.

Chinthu china chimene GTEx singakupatseni ndi nthawi. Anthu a pa chithunzi chija onse ndi akuluakulu a zaka 21 mpaka 70, ndipo ambiri ndi a ku America a makolo ochokera ku Ulaya. Koma nkhani ya RET imachitika m'mimba mwa mayi. Maselo amene adzakhale minyewa ya m'matumbo amachokera ku gulu la maselo lotchedwa neural crest cha kukhosi kwa mluza, amalowa kumtunda kwa njira ya chakudya cha m'sabata ya 4, n'kumatsika mpaka kufika kumapeto kwa thumbo cha m'sabata ya 7. Akachepa kapena akachedwa, amalephera kufika kumapeto. N'chifukwa chake mwa ana pafupifupi 80 pa 100 alionse odwala Hirschsprung, chigawo chopanda minyewa chimakhala rectum ndi sigmoid zokha. Pofuna kuona RET pa nthawi imeneyi, gwiritsani ntchito Gut Cell Atlas, yomwe inawerenga RNA ya selo limodzilimodzi kuphatikizapo matumbo a miluza. Ikani RET pambali pa SOX10 ndi PHOX2B, kenako muone GDNF, puloteni yodzutsa RET. Mudzapeza kuti GDNF ili m'maselo ena, a mesenchyme ozungulira thumbo, pamene RET ili m'maselo oyendawo. Wina akuitana, wina akuyankha. Kafukufuku wa pa mbewa wasonyezanso RET m'maselo ena a chitetezo a m'thumbo, kotero RNA ya RET m'chidutswa cha thumbo si yonse imene ili ya minyewa.

Mapuloteni amene RET imagwirana nawo

Dziwani kaye zimene zinatsimikizika, kuti muthe kuweruza zimene webusaiti ikupatseni. RET sigwira yokha puloteni yoidzutsa. Pamafunika mkhalapakati. GDNF imagwira GFRα1, neurturin imagwira GFRα2, artemin imagwira GFRα3, persephin imagwira GFRα4. Zikagwirana, zimakoka ma RET awiri kuti ayandikane, ndipo mtolo wonse umakhala wa ziwiriziwiri. Kuti GDNF imadzera mwa RET zinadziwika mu 1996, patapita zaka ziwiri asayansi ataona kuti mbewa zopanda Ret zimabadwa zopanda minyewa ya m'matumbo komanso zopanda impso. Mu 2017 panapezeka mkhalapakati wina, GFRAL, amene amagwira GDF15 m'kachigawo ka kumunsi kwa ubongo kotchedwa area postrema. Njira imeneyi imachotsa chilakolako cha chakudya ndi kubweretsa mseru.

Ma RET awiri akayandikana amaikana phosphate pa ma tyrosine, ndipo tyrosine iliyonse imasanduka pokolowekapo puloteni yakeyake. Pa Y905, kutanthauza tyrosine ya pa malo a 905, pamakolowekeka GRB7 ndi GRB10. Pa Y981 ndi SRC. Pa Y1015 ndi PLCγ. Y1062 ndiyo mphambano yaikulu: SHC, FRS2, IRS1, ma DOK ndi Enigma onse amalimbirana malo amenewa, ndipo kuchokera apa uthenga umalowa njira ya RAS ndi ERK komanso ya PI3K ndi AKT. Y1096 imagwira GRB2 mwachindunji, koma ili pa RET51 yokha.

Tsopano tsegulani STRING, webusaiti yoonetsa mapuloteni olumikizana. Imayamba ndi muyeso wa 0.400, umene umalowetsa zinyalala zambiri. Kwezani ufike 0.700, musankhe physical subnetwork, ndipo muzimitse textmining. Textmining imangowerenga kuti mayina awiri atchulidwa kangati m'pepala limodzi. N'chifukwa chake mungaone RET italumikizidwa ndi EDNRB, EDN3 kapena SOX10. Majiniwa alidi m'nkhani ya Hirschsprung, koma kukhala m'nkhani imodzi sikugwirana. SOX10 imakhala pa DNA n'kudzutsa jini ya RET, sikhudza puloteni yake. Mudzaonanso CCDC6, NCOA4 ndi KIF5B. Awa ndi majini amene amaduka n'kulumikizana ndi RET m'khansa ya chithokomiro ndi ya m'mapapo, ndipo kulumikizana kumeneku sikuchitika m'thumbo la munthu wabwinobwino.

Puloteni iliyonse yotsala muifufuze ku BioGRID kapena ku IntAct, mawebusaiti osunga umboni wa mu labu wa kugwirana kwa mapuloteni. Lembani m'tebulo njira imene anagwiritsa ntchito, mtundu wa maselo, ndi chiwerengero cha mapepala osiyana. Umboni wochokera ku maselo a HEK293 odzazidwa puloteni mopitirira muyeso ndi wofooka kuposa wochokera ku maselo a minyewa okhala ndi RET yachibadwa. Pomaliza bwererani ku Gut Cell Atlas mufunse ngati puloteniyo ili m'selo limodzi ndi RET, kapena m'selo loyandikana nalo ngati ndi yotuluka kunja. Mapuloteni awiri amene sakumana m'thupi sangagwirane, ngakhale atagwirana mu chubu.

Kuona ndi maso m'nyama ya thumbo

Ntchito iliyonse ya pa nyama ya munthu imayamba ndi chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndi cha makolo a mwanayo. Kachidutswa koyeza matenda n'kamtengo wapatali, ndipo kupeza matenda kumayamba, kafukufuku pambuyo.

Kachidutswa ka rectum kamatengedwa pafupifupi masentimita awiri kumtunda kwa dentate line, mzere wa cha kumapeto kwa thumbo pafupi ndi potulukira chimbudzi. Kumunsi kwake munthu aliyense ali ndi maselo a minyewa ochepa, ndiye kotengedwa pansi kwambiri kangachititse mwana wabwinobwino kuoneka wodwala. Mukaona khungu la squamous pa galasi, dziwani kuti anatsika kwambiri ndipo kachidutswako sikoyenera. Kayeneranso kukhala ndi submucosa (chigawo cha pansi pa khungu la mkati) yokwanira, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ikani mu 10% neutral buffered formalin wochuluka kakhumi kapena kupitirira kuposa nyamayo, kwa maola 6 mpaka 24. Kachidutswa kogonera mu formalin kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba nthawi zambiri kamapaka mofooka, chifukwa formalin amamanga mapuloteni n'kubisa pogwira antibody. Poika mu sera, kagonekeni cham'mbali kuti mpeni udutse khungu ndi submucosa limodzi. Dulani mamaikiromita 4. Ndi utoto wa H&E, musanene kuti mulibe maselo a minyewa musanaone magawo ambiri otsatizana, 50 kapena kuposa. Mwa mwana wobadwa masiku asanakwane maselowa amakhala aang'ono, ndipo n'zosavuta kuwasokoneza ndi ma lymphocyte kapena maselo a m'mitsempha ya magazi. Minyewa yonenepa kupitirira mamaikiromita 40 mu submucosa imalimbikitsa ganizo la Hirschsprung.

Popaka ndi antibody, chotsani sera, wiritsani magalasi mu citrate wa pH 6 kapena Tris-EDTA wa pH 9 kwa mphindi 20 malinga ndi pepala la antibody yanu, muwasiye azizire okha m'madzi omwewo. Thirani 3% hydrogen peroxide kwa mphindi 10. Galasi likauma pakati pa ntchito, lonse limadzada bii ndi DAB, utoto woonetsa pamene antibody yagwira, choncho ligonekeni m'kabokosi kachinyontho. Pakani RET pa gawo limodzi ndi calretinin pa gawo lotsatira. Calretinin ndi imene madokotala amadalira: m'thumbo labwino imaonetsa timinyewa tating'ono m'khungu la mkati, ndipo m'thumbo lopanda maselo a minyewa timinyewa timeneti sitioneka. Ma mast cell amagwira calretinin m'zidutswa zonse, choncho akaoneka mumadziwa kuti utoto wagwira ntchito. Pa tsiku lomwelo pakaninso thumbo labwino, ndi galasi lina lopanda antibody yoyamba. Acetylcholinesterase imafuna nyama yowumitsidwa ndi chisanu, siigwira pa ya mu formalin, ndiye ngati mukuifuna muuzeni dokotala wa opaleshoni asanadule.

Pa RNA, ponyani kachidutswa kosapitirira theka la sentimita mu RNAlater, mankhwala osunga RNA, wochuluka kasanu, kagone pa 4°C usiku umodzi, kenako ku −20°C kapena −80°C. Kumene magetsi amazimazima RNAlater ndi wodalirika kuposa kungoumitsa, chifukwa nyama ikasungunuka kamodzi RNA imawonongeka. A260/280 ikhale pafupi ndi 2.0. Poyeza RNA ndi PCR, ma primer adumphe malire a ma exon awiri, zigawo za jini zotsala mu RNA, kuti asawerenge DNA. Ndipo musayerekeze RET ndi GAPDH yokha, jini yogwira ntchito pafupifupi m'maselo onse. M'thumbo la Hirschsprung RET idzatsika ndithu, pakuti maselo ake kulibe. Zimenezo si umboni woti jini yazimitsidwa. Yezaninso PHOX2B kapena ELAVL4 kuti mudziwe ngati RET yatsika kuposa mmene maselo a minyewa atsikira.

Kutsimikiza kugwirana ndi co-IP

Co-IP ndi kukoka puloteni imodzi ndi antibody n'kuona zimene zabwera nayo. Kachidutswa ka thumbo kali ndi RET yochepa kwambiri pa ntchito iyi, choncho gwiritsani ntchito maselo oweta. SH-SY5Y akapatsidwa retinoic acid wa 10 µM kwa masiku angapo amachulukitsa RET. Maselo a TT ali ndi RET yosinthika pa C634 (cysteine ya pa malo a 634) imene imakhala yodzuka nthawi zonse, motero ndi abwino poyesa ngati antibody ya phospho-RET, RET yokhala ndi phosphate, ikugwira ntchito.

Achotsereni serum usiku umodzi. M'mawa mbale ina ipatseni GDNF wa 50 ng/ml kwa mphindi 10, ina musaipatse. Ikani mbale pa ayisi, tsukani ndi PBS wozizira, muswe maselo mu 50 mM Tris pH 7.4, 150 mM NaCl ndi 1% NP-40, mutathiramo 1 mM sodium orthovanadate ndi mankhwala oletsa ma protease. Mukaiwala orthovanadate, ma phosphate amachoka m'mphindi zochepa ndipo SHC imachoka nawo. Ngati mukufuna kugwira GFRα1 pamodzi ndi RET, werengani botolo la mankhwala oletsa ma protease, musankhe lopanda EDTA. EDTA imalanda calcium ija ya pakati pa zigawo za cadherin, ndipo popanda calcium mtolo wa kunja sugwirana.

Zungulitsani pa 14,000 g kwa mphindi 15 pa 4°C. Patulani gawo limodzi mwa magawo 20 likhale input. Tengani puloteni wa 500 µg mpaka 1 mg, thirani antibody ya RET ya 1 mpaka 2 µg, izungulire usiku wonse pa 4°C. Mu chubu china thirani IgG wamba wa nyama yomweyo, muyeso womwewo. Onjezani mikanda ya Protein A/G ya 25 µl kwa maola awiri, tsukani katatu, wiritsani mu sample buffer.

Pa gel, RET imaoneka mizere iwiri, wa 150 kDa ndi wa 170 kDa. Wa 170 ndi wokhwima, umene wafika pa khungu la selo. Wa 150 ukadali mkati, shuga wake sanamalizidwe kuikidwa. Zosinthika zambiri za Hirschsprung za mbali ya kunja zimalepheretsa puloteni kupindika bwino, ndiye imatsakamira mkati ndipo mzere wa 170 umachepa. Kuti mizere iwiriyi ilekane, gwiritsani ntchito gel ya 7.5% kapena ya 4 mpaka 12%, ndipo posamutsira pa membrane perekani nthawi yokwanira chifukwa puloteni yaikulu imayenda pang'onopang'ono. Pa ma antibody a phospho tsekani membrane ndi 5% BSA osati mkaka, pakuti casein wa mu mkaka ali ndi phosphate ndipo amadetsa chithunzi.

Msampha waukulu uli pa antibody imene munakokera nayo. Mukaiwiritsa imagawika pawiri, chidutswa cha pafupifupi 50 kDa ndi china cha 25 kDa. SHC imaoneka pa 46, 52 ndi 66 kDa, ndipo GRB2 pa 25 kDa. Ndiye mzere wakuda umene mukuusangalalirawo ungakhale antibody yanu yomwe. Mukauona mu chubu cha IgG wamba, yankho ndi limenelo. Kokani ndi antibody ya kalulu muonere ndi ya mbewa, kapena mangirirani antibody ku mikanda kuti isachoke powiritsa. Kugwirana kwenikweni kumaoneka m'mbale ya GDNF, kumachepa m'mbale yopanda GDNF, sikuoneka mu IgG, ndipo kumabwerezeka mukatembenuza, kukoka SHC n'kuona RET. Ngakhale zitatero, co-IP imangonena kuti mapuloteniwo ali mu mtolo umodzi. GRB2 ikhoza kubwera itakwera pa SHC osakhudza RET9 n'komwe.

Mukawerenga DNA ya mwanayo

Zosinthika za m'ma exon a RET zimapezeka mwa pafupifupi theka la mabanja amene matendawa amabwerezabwereza, koma mwa ochepa chabe mwa ana amene ndi oyamba kudwala m'banja mwawo. Kusapeza kanthu m'ma exon sikuchotsa RET pa mlandu. Mu intron 1, chigawo cha pakati pa exon 1 ndi exon 2, muli malo otchedwa rs2435357 pomwe SOX10 imakhala, ndipo kusintha kwa chilembo chimodzi pamenepo kumachepetsa RNA ya RET popanda kukhudza kaumbidwe ka puloteni. Kuchuluka kwa kusinthaku kumasiyana kwambiri pakati pa mitundu ya anthu, ndipo ku Africa n'kosowa poyerekeza ndi ku Ulaya ndi ku Asia. Musatenge manambala a ku Ulaya n'kuwaika pa ana a kuno, onani gnomAD, webusaiti ya zosinthika za DNA ya anthu, mtundu ndi mtundu.

Exon 10 iwerengeni kawiri. Jini yomweyi ikadzuka mopitirira imabweretsa matenda a MEN2, okhala ndi khansa ya medullary ya chithokomiro. C634 ya mu exon 11 ndiyo yofala mu MEN2A, ndipo M918T ya mu exon 16 ndi ya MEN2B, momwe minyewa ya m'matumbo imachita kuchulukitsa m'malo mosowa. Koma ma cysteine a pa 609, 611, 618 ndi 620 mu exon 10 akasinthika amatha kuchita zonse ziwiri mwa munthu mmodzi: RET yofika pa khungu la selo imachepa moti minyewa ya m'thumbo siikwana, pamene yochepa yofikayo imakhala yodzuka nthawi zonse m'chithokomiro. Mukapeza chimodzi mwa zinayizi, bwerezani kuyeza pa magazi atsopano. Zikatsimikizika, dziwitsani dokotala wa mwanayo msanga, kuti mwanayo ayambe kuyezedwa calcitonin, homoni yochokera m'chithokomiro, ndi kuonedwa chithokomirocho, ndiponso kuti makolo ndi abale ake a bere limodzi akambirane ndi dokotala zoyezetsa nawonso.